Mabatani Anga ndi Singano ya Fodya

Abale ndi alongo amene mumawerenga mauthenga a pagulu lathu lino, mtendere ukupezeni kulikonse kumene muli. A kuno kwathu ku Mphamba, monire mose. Ndine aPhiri, mkulu wa mpingo uja ndinasowa pa benchi ya kutsogolo kwa miyezi ingapo, ena n'kumanong'onezana kuti kapena ndabwerera m'mbuyo. Sindinabwerere m'mbuyo ayi. Zinanditsekera m'nyumba ndi mabatani, zipi ndi lamba. Amene mukufuna kuseka sekani pang'ono, nanenso masiku ano ndimaseka, koma nthawi imeneyo zinthu zitatuzi zinatsala pang'ono kundichotsa pakhomo panga. Ndikulemba ndi chala chimodzi cha kumanzere, ndiye pamene ndalakwitsa mundikhululukire.

Ine kobadwira ndi ku Kasungu, tsidya la Malawi. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ndikuganiza kuti ndikhala dzinja limodzi basi. Dzinja limodzilo linandipezera mkazi, kenako ndinapatsidwa munda, ana anabadwa, imvi zinandimerera konkuno. Akazi anga anatisiya zaka zapitazo ndipo agona kumanda a pamudzi pano. Ana aakazi anakwatiwa kutali. Pakhomo ndinatsala ndi mwana wanga wamwamuna, Yotamu, amene amayendetsa minibasi ya pakati pa Lundazi ndi Chipata, pamodzi ndi akazi ake, aNyaZimba.

Sitiroko inandipeza m'chigafa m'mawa wina, ndikupachika fodya. Ndinangoona masamba agwa m'manja, ndikati nditole, dzanja lamanja likukana. Ndinafuna kuitana, lilime linali litalemera. Ku chipatala cha pa boma anandisamala bwino, Mulungu awadalitse. Mawu anabwerera, mwendo unabwerera moti ndi ndodo ndimayenda. Koma dzanja lamanja linapinda zala n'kukhala momwemo. Lamanzere nalo, limene moyo wanga wonse ntchito yake inali kungogwirizira, linkanjenjemera ndikalituma kanthu kakang'ono.

Tsiku lotuluka m'chipatala, mayi wina wa gawo lowongola ziwalo anandionetsa zithunzi pa foni yake. Zinali tizipangizo tothandiza munthu kuvala yekha, kena kawaya kokokera batani, kena kandodo kokowera malaya. Ine ndinayang'ana kumbali. Mumtima ndinati, ine munthu wamkulu ndizivala ndi mbedza ngati ndikuwedza nsomba? Ndinamuuza mayiyo kuti asavutike, Mulungu wanga andiwongola dzanja masabata awiri asanathe. Abale, chimenecho ndinkachitcha chikhulupiriro, koma theka lake anali matama. ANyaZimba anali atakhala pansi kunja kwa khomo la wodi ndi chikwama changa, ndipo sindinawaganizire n'komwe.

Amene si a kuno mumvetse chinthu chimodzi, chifukwa vuto langa lonse linagona pamenepo. Kwa anzathu a Chitumbuka, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayandikana ndi apongozi ake aamuna. Salowa m'chipinda chako, sakuyang'ana kumaso, sakupatsira chinthu m'manja. Kwathu ku Kasungu ulemu wa apongozi uliponso, koma aNyaZimba analeredwa ndi anthu ogwira mwambowu ndi manja awiri. Chakudya ankaika pa kampando ka pakhonde n'kuchoka. Mabuluku anga sankachapa iwo, ankachapa Yotamu. Zaka zonsezo mawu athu anali moni wa m'mawa ndi yewo, ndiye kuti zikomo, kwatha. Ine ndinkanyadira zimenezi, ndinkauza anzanga kuti mwana wanga anakwatira kwa anthu. Tsopano ndinapezeka pakhomo ndi munthu mmodzi yekha wokhala masana onse, ndipo munthuyo sakanatha kundimangira ngakhale batani limodzi.

Poyamba Yotamu anapempha tchuthi kwa eni galimoto. M'mawa uliwonse ankabwera m'chipinda, kundikhazika pa bedi, kundilowetsa dzanja m'malaya, kugwada n'kundikwezera buluku. Mwana amene ndinkamumangira zingwe za nsapato popita kusukulu! Sanadandaulepo, koma ine ndinkamukalipira pa chilichonse, mwina kuti wandikoka, mwina kuti waphonya batani. Ndinkadziwa kuti sakulakwa. Ndinkangofuna wina woti alakwe.

Patapita masabata, eni galimoto anayamba kumuitana masiku ena. Yotamu ankandiveka m'bandakucha n'kuthamangira ku boma. Apa ndiye panatulukira vuto limene anthu odwala sakonda kulitchula, koma ine ndilitchula: chimbudzi. Kumasula ndinkatha movutikira, koma kubwezeretsa batani la buluku ndi kumanga lamba ndi dzanja limodzi lonjenjemera, ayi ndithu. Ndiye ndinapeza nzeru yanga yopusa. Ndinasiya kumwa. Tiyi ndinkamukhuthulira kuseri kwa khonde, madzi ndinkangonyowetsa milomo, phala ndinkadya masipuni atatu. Ndinkakhala wouma kukhosi kuyambira m'mawa mpaka Yotamu atafika, mutu ukuwawa, n'kumauza anthu obwera kudzandiona kuti ndikupezako bwino.

Tsiku lina m'mimba munandikana, ndipo sindikanachitira mwina. Ndinatuluka m'chimbudzi buluku nditaligwira ndi dzanja lamanzere, ndodo nditaipanira kukhwapa. Pakati pa bwalo ndodo inaterereka. Dzanja linathamangira ndodo, buluku linatsika mpaka kumapazi. ANyaZimba anali pomwepo, akutembenuza mtedza umene anayanika. Anataya lichero n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Mayo ine! Ndinawerama pakati pa bwalo langa lomwe, dzuwa lili pamutu, kulimbana ndi buluku mpaka thukuta. Nditalowa m'nyumba sindinatulukenso masiku atatu. Ndikunena poyera pamaso panu kuti masiku amenewo ndinapempha Mulungu anditenge.

Yotamu atamva, anaimbira foni Madalitso, mwana wa mlongo wanga, amene amadumpha malire kudzagula soya ndi mtedza kuno. Madalitso sanachedwe kuyankha. Anati amalume abwere kwawo ku Kasungu, kuno amuna tilipo ambiri, tizisinthana powasamala. Anagwirizana kuti adzanditenga Loweruka lotsiriza la mweziwo.

Yotamu anadzandiuza atakhala pansi, misozi ili m'maso. "Atate, abwana akamba kuti mwezi ukatha nikapanda kubwelela pa nchito masiku onse, motoka azapatsa wina. Manje nizacita bwanji? Kuno kulibe mwamuna wina wokuvalikani."

Sanalakwe mwanayo. Koma Kasungu amene ankamutcha kwathuyo ndinamusiya ndilibe ndevu. Ondidziwa ambiri ali kumanda. Ndikanakakhala mlendo wovekedwa ndi ana osandidziwa, wodikira kuti lero ndi tsiku la yani, ndipo tsiku langa likadzafika akanandiika komweko, kutali ndi akazi anga. Ndinamuuza Yotamu kuti pano ndidzachoka ndili m'bokosi. Iye anangoti, ngati mungavale mwekha, atate, palibe wokuchotsani.

Ndinayesa, abale. Yotamu akachoka ndinkatseka chitseko n'kuyamba nkhondo. Ndinkagwira kolala ndi mano, chala chikusakasaka bowo la batani. Mabatani awiri ndinawaswa ndi mano omwewo. Tsiku lina ndinayesa kuvala malaya osamasula, kulowetsa mutu ngati juzi, ndipo ndinakodwa momwemo, mutu mkati, dzanja m'mwamba, mpaka ndinang'amba kukhwapa kuti ndipume. Masiku ankapita, Loweruka lija likuyandikira, ine osasuntha ngakhale pang'ono.

Ndiye masana ena ndinamva kuseka kuseri kwa chigafa. Ndinanyamuka ndi ndodo yanga n'kukasuzumira pa mpata wa udzu. Zimene ndinaona zinandiimitsa mutu. ANyaZimba anali atavala malaya a Yotamu, ndi buluku la Yotamu pamwamba pa chitenje. Dzanja lawo lamanja anali atalimangirira pamimba ndi nsalu. Lamanzere linkalimbana ndi batani, kolala ali ataluma ndi mano, ndendende mmene ndinkachitira ine. Patsogolo pawo panali amake Judi, mayi woyandikana nafe amene ali ndi makina osokera. Ndikuonerera choncho, buluku lija linawapulumuka aNyaZimba n'kugwera kumapazi. Amake Judi anaseka mpaka kugona chammbali atagwira nthiti. ANyaZimba nawo anabisa nkhope, mapewa akugwedera.

Ha! Magazi anandithamangira kumutu. Ndinati, kani ulemu wonse uja unali wa pamaso chabe? Tsiku la manyazi anga lasanduka sewero la amayi kuseri kwa chigafa! Mkamwana sungamukalipire maso ndi maso, ndiye ndinabwerera pabwalo n'kuyamba kukalipira nkhuku zimene zinkatola mtedza, mokweza kuti akumve a kuseri. Ndinati sekani, sekani ndithu, lero ndi ine, Mulungu sagona. Ndinati Loweruka ndikuchokerani, nyumba mukhale nokha, muzidzaseka momasuka. Madzulo ake ndinamuuza Yotamu kuti amuuze Madalitso asachedwe, ndavomera. Chifukwa chake sindinamuuze, ndinachita manyazi kuchitchula.

Mkwiyo unandigwira masiku awiri, kenako unaphwa n'kundisiya ndi mantha okhaokha. Pakamwa panali patalankhula kale. M'mawa wa Lachitatu ndinapemphera pemphero limene silinali la mkulu wa mpingo. Ndinati, Ambuye, dzanja mwakana kundibwezera, imfa mwakana kundipatsa, nanga mukufuna chiyani ndi ine? Kenako ndinati, chabwino, dzanjalo likhale. Ndipatseni njira iliyonse yoti ndisachoke pano, ngakhale mbedza ija ndinaikana. Aka kanali koyamba kupempha popanda kumuuza Mulungu mmene ayankhire.

Yankho limene ndinaliona tsiku lomwelo linandiwawa. Yotamu analowa m'chipinda n'kutulutsa m'sutikesi malaya anga onse, mabuluku, ndi jekete langa la kutchalitchi. Anati aNyaZimba anena kuti zichapidwe, zisitidwe. Ine ndinati eya, akufulumira kundilongedzera katundu. Anandisiyira malaya amodzi akale ndi buluku la kumunda.

Lachinayi Yotamu anaitanidwa ku Chipata, ndipo ananena kuti adzabwera Loweruka m'mawa pamodzi ndi Madalitso. Anandiuza kuti ndigone ndi zovala kuti ndisavutike. Koma buluku lija ndinalimasula madzulo n'kulephera kulibwezera, ndiye Lachisanu kunandichera ndili m'bulangeti, osatha kutuluka.

Dzuwa litakwera ndinamva, "Odi, adada." Anali mawu a aNyaZimba, pakhomo penipeni pa chipinda changa, pamene sanafikepo chikwatiwire. Chitseko chinatseguka pang'ono. Phukusi la chitenje linalowa likukankhidwa ndi ndodo yaitali ya m'chigafa, mpaka linafika pafupi ndi bedi, ndodo n'kubwerera. Chitseko chinatsekeka. Ndinamva mapazi akuzungulira nyumba, kenako mawu anachokera kunja, pansi pa zenera.

"Adada, munikhululukile, nilankhulako lelo cabe. Amake Judi ali pano na ine. Masulani phukusi, mutenge shati yoyela."

Ndinamasula mokwiya. Malaya anali anga omwe, oyera aja a kutchalitchi, mabatani onse ali pamzere. Koma nditawagwira ndinaona kuti mabataniwo asokereredwa pamwamba, pa mbali ya mabowo, kungoti aoneke ngati omangidwa. Kunsi kwake anaikako tomatira tija timakhala pa nsapato za ana, timene timalira kuti khwee ukamamatula. Ndinamva pambuyo pake kuti anatidula pa nsapato ndi pa zikwama zakutha za m'milu ya salaula, kaunjika uja, pa msika wa pa boma.

"Muyambe na dzanja yodwala," anatero mawu a pansi pa zenera. "Muike shati pa maondo, mulowetse dzanja yodwala, mukokele mpaka pa phewa. Yabwino izalowa pambuyo."

Masabata onse aja ine ndinkayamba ndi dzanja labwino, poti ndi limene linkamvera. Ndinachita mmene ananenera. Malaya anakwera paphewa, ndinawaponyera kumsana, dzanja lamanzere linapeza njira yake. Ndinayanjanitsa kutsogolo kuyambira pansi n'kusisita ndi chikhatho, zinamatana. Ndinadziyang'ana pachifuwa, ndinali nditavala malaya.

Buluku analichotsa batani n'kuika lasitiki m'chiuno. Mbali zonse ziwiri anasokererako timakutu ta nsalu tolowetsamo chala chachikulu pokoka. Pa zipi panali mphete ya makiyi. Ndipo kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo anasokerera chingwe cha chikwama cha sukulu, chodutsa paphewa kunsi kwa malaya, kuti ngakhale dzanja litataya, buluku lisafike pansi. Musaganize kuti zinangotheka ngati zozizwitsa za pa msonkhano wa chitsitsimutso. Koyamba ndinalivala chakumbuyo, zipi ili kumatako. ANyaZimba poti sankaona anafunsa kuti, "Zatheka, adada?" Ndinayankha mokalipa kuti ayi. Anangoti yambaninso, tilipo. Kachiwiri miyendo yonse inalowa mwendo umodzi. Kachitatu ndinaimirira nditatsamira khoma, ndinakoka kakhutu ka uku, ka uko, buluku linakhala m'chiuno.

Pansi pa phukusi panali jekete, losakhudzidwa ndi sizasi. ANyaZimba anati analiopa kulidula, podziwa kuti anandigulira ndi malemu apongozi awo aakazi. M'thumba mwake munali kanthu. Nditakatulutsa ndinakazindikira nthawi yomweyo. Inali singano yanga yosokera fodya, imene ndinasula ndekha kuchokera ku sipoko ya njinga, ndipo ndasokera nayo masamba zaka zambirimbiri. Anali ataipinda kukhala kagoli kopyapyala kunsonga, n'kuizika m'chitsononkho chokulungidwa ndi malegeni kuti dzanja lonjenjemera ligwire bwino. Anandiuza kuti ndilowetse kagoliko pa bowo, ndikole batani, ndipotoze pang'ono n'kukoka. Batani linatulukira lokha mbali inayo. Mbedza ija ndinaikana kuchipatala inandipeza m'chipinda changa, yopangidwa ndi singano yanga yomwe.

Ndinakhala pa bedi nditavala zonse, ndikupuma ngati ndalima mizere khumi. Ndinafunsa khoma, poti sindikanafunsa iwo, kuti zonsezi mwazidziwa bwanji. Anayankha ndi amake Judi, mayi amene pakamwa pake sipatsekeka.

"APhiri, mkamwana wanu anamva zonse tsiku lija kuchipatala, ndipo anabwererako yekha kukaonanso zithunzizo. Masabata atatu wakhala akudzimanga dzanja masana onse, kuti adziwe pamene pamakuvutani, poti kukufunsani sakanatha. Tsiku munatipeza lija buluku linali litamugwera kachitatu, ndi pamene tinadziwa kuti pafunika chingwe cha paphewa. Woseka ndinali ine, kuseka ndi matenda anga, mukundidziwa. Iye ankalira. Mabuluku anu ndasoka ndine, iye sanawakhudze, musade nkhawa."

Abale, mapewa ogwedera aja ine ndinawawerenga ngati kuseka. Munthu amene ndinamutukwanira kudzera pa nkhuku anamva mawu anga onse, sanayankhe, m'mawa mwake anadzimanganso dzanja n'kupitiriza. Ndinalira mokweza, ine mwamuna wamkulu, ndipo sindinasamale kuti pansi pa zenera akumva.

Lachisanu lonselo ndinalithera kuvala ndi kuvula. Masana ndinatuluka pakhonde n'kuuza amake Judi kuti ndikufuna thobwa. Ndinamwa makapu atatu mwadala. Itakwana nthawi yake ndinadutsa pabwalo lomwe lija, kupita ndi kubwera, dzanja lili pa ndodo pokha. Palibe chinagwa.

Loweruka m'mawa galimoto ya Madalitso inafika, Yotamu ali momwemo. Anandipeza nditakhala pa mpando panja, jekete lili pathupi, mabatani onse ali m'malo. Yotamu anaima, nkhope inasintha. Anayang'ana ine, anayang'ana kukhitchini kumene kunali akazi ake. Iye ankadziwa za kuchapa kokha, ndiye ndinaona mantha ake, ankayesa kuti mwambo waswedwa.

"Wakuvalikani ndani, atate?"

Ndinatengera Yotamu ndi Madalitso kuseri kwa nyumba, ndinavula jekete, ndinamatula malaya kuti khwee, ndinavula zonse n'kuyambanso iwo akuona. Yotamu kawiri konse anatambasula dzanja kuti andithandize, ndinamuuza kuti aliike m'thumba. Nditamaliza anakhala pansi pa dothi n'kubisa nkhope m'maondo.

Madalitso sanagonje msanga, ndipo sindimuimba mlandu. Anati amalume, lero mwatha, nanga mawa? Nanga mukadzadwalanso? Anati amayi ake akudikira, chipinda anakonza kale, mafuta a galimoto apsa. Tinabwerera pabwalo tikukanganabe. Ine ndinati ndavala ndekha, pano sindichoka. Iye anati munavomera nokha, Yotamu anandiuza pa foni. Yotamu anangoti kakasi pakati pathu, osadziwa womumvera.

Ndi pamene aNyaZimba anatuluka kukhitchini. Anagwada patali, kumapeto kwa bwalo, maso ali pansi, n'kulankhula ndi amuna awo mawu amene tonse tinamva. Anati, "Ayotamu, pitani ku nchito Mande. Adada sapita. Cikavuta cina tizapeza njila yake monga tapezela iyi." Madalitso anawayang'ana, anayang'ana ine, kenako anaseka n'kunena kuti amalume muli ndi loya pakhomo pano. Anadya nafe, tinamuikira thumba la mtedza la amayi ake, anabwerera yekha.

Panatsala ntchito imodzi, ndipo inali yovuta kuposa batani. Ndinamuuza Yotamu agwire tambala wanga wamkulu. Ndinamupanira kukhwapa ndekha, ndinayenda mpaka pafupi ndi mphasa imene anakhala aNyaZimba ndi amake Judi, ndinamuika pansi. Ndinalankhula ndi Yotamu, iwo ali pomwepo. Ndinati uwauze akazi ako kuti ndinawalakwira. Ndinawaona akusenza matenda anga, ine n'kuwatcha onyoza. Mawu aja ndinalankhula pabwalo ndikuwabweza onse, andikhululukire. Yotamu sanafunike kubwereza. ANyaZimba anawomba m'manja mofatsa n'kuti, "Yewo, adada. Vamala." Ndiye kuti zatha.

Sindikunamizani kuti ndinachira. Dzanja lamanja likadali lopinda mpaka lero. Masokosi akundigonjetsabe, ndimavala nsapato zongolowetsa phazi. Tomatira tija tikadzaza ulusi timasiya kugwira, amake Judi amasintha, n'kundilipiritsa ndi nthabwala zawo. Masiku ozizira zala zimauma ndipo kuvala kumanditengera nthawi yoti wina angaphike tiyi n'kumwa. Koma Yotamu ali pa ntchito yake, ine ndili pakhomo panga, ndimamwa madzi ndikafuna, ndipo Lamulungu ndimakhala pa benchi yanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, ndipo anali atayamba kuliyankha masabata atatu ndisanalipemphe. Ndikuthokoza mayi wa kuchipatala uja ndinamuyang'anira kumbali. Ndikuthokoza amake Judi ndi makina awo, ndi kuseka kwawo komwe. Inu amene muli ndi wodwala wa manja ofooka pakhomo, musangomuveka ndi kumuveka, pitani kwa telala wa pafupi, mabatani amasinthika, chiuno chimasinthika. Wodwalayo muuzeni ayambe ndi mbali yodwala povala, ndipo aitsirize povula. Inu amene muli pa bedi ngati mmene ndinalili, mukuwerenga masiku oti akusamutseni, musataye mtima, ndipo musafulumire kuweruza amene akuzungulirani. Ine ndinatsala tsiku limodzi lokha kuti ndichoke ndikudana ndi munthu amene Mulungu anamutuma.

Mpaka lero aNyaZimba sanandikhudzepo ngakhale nsonga ya chala, ndipo sindiyembekeza kuti adzatero. Lamulungu m'mawa ndikamapita kutchalitchi, nthawi zambiri ndimakumana nawo akuchokera ku mjigo. Amatula ndowa, amapatuka n'kugwada m'udzu kuti ndidutse. Koma ndinazindikira kuti ndikafika pafupi amaba ndi diso limodzi, kuona ngati kutsogolo kwa malaya kwalingana ndiponso ngati kolala yagona bwino. Ndiye ine pamenepo ndimachepetsa liwiro, ndimaima pang'ono ngati ndikukonza ndodo, kuti aone bwinobwino.